Masensa 20,000 pa cloud: tingadziwe bwanji amene amayendera limodzi ndi amene akafa amagwetsa anzawo?

Kadzidzi42

Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Tili ndi masensa (tizipangizo toyeza zinthu) pafupifupi 20,000 m'nyumba zikuluzikulu zambiri. Mwa amenewa, 14,000 ali pa Zigbee (netiweki ya wailesi yofika pafupi), amayeza kutentha ndi chinyezi ndipo amatumiza uthenga mphindi iliyonse. Enawo 6,000 ali pa LoRaWAN (netiweki ya wailesi yofika patali), ambiri ndi mamita a magetsi, amatumiza pa mphindi 15 zilizonse. Zonse zimadutsa pa ma gateway (zipangizo zolumikiza masensa ku intaneti) n'kukafika pa broker ya MQTT (seva yolandira ndi kugawa mauthenga) pa cloud.

Tikufuna kugwiritsa ntchito njira zomwe amafufuzira maubwenzi a anthu pa Facebook kapena X, koma pa zipangizo. Mafunso ndi atatu: ndi masensa ati amayendera limodzi, ndi chipangizo chiti chikafa chimadula anzake ambiri, ndiponso ndi chiti chayamba khalidwe lachilendo.

Pakali pano uthenga uliwonse tikuulemba ngati edge (mzere wolumikiza zinthu ziwiri zotchedwa ma node) mu graph database. Database yatupa, betweenness (kuwerenga njira zodutsa pa node iliyonse) ikayamba siimaliza, ndipo Louvain (njira yogawa ma node m'magulu) ikuika pafupifupi masensa onse m'gulu limodzi. Kodi tiwonjezere maseva ndi kupita ku Spark (pulogalamu yogawa ntchito pa maseva ambiri), kapena vuto lili pena?

MlondaWaSeva

A Kadzidzi, musathamangire kugula maseva. Vuto lili pa tanthauzo la edge. Pa Facebook munthu amadina yekha kuti uyu ndi mnzanga, choncho edge imabwera yopangidwa kale. Sensa sinena mnzake, ndinu amene muyenera kusankha chimene chikupanga zipangizo ziwiri kukhala pa ubale. Luigi Atzori, Antonio Iera, Giacomo Morabito ndi Michele Nitti, polemba za Social Internet of Things mu 2012, anasiyanitsa maubale asanu: zipangizo zopangidwa ndi kampani imodzi pa nthawi imodzi, zokhala malo amodzi, zogwira ntchito imodzi, za mwini mmodzi, ndi zokumana chifukwa eni ake amakumana. Mukasakaniza zonsezi mu graph imodzi, chilichonse chimalumikizana ndi chilichonse. Mafunso anu ndi atatu, ndiye pangani ma graph osiyana.

Yoyamba ndi graph ya wailesi pa Zigbee. Iyi siichokera mu mauthenga a kutentha ayi. Mumafunsa router iliyonse (chipangizo chonyamulira anzake mauthenga) ndandanda ya oyandikana nayo kudzera pa Mgmt_Lqi_req, ndipo imayankha ndi adiresi ya mnzake aliyense komanso LQI, nambala ya pakati pa 0 ndi 255 yosonyeza ubwino wa kulumikizanako. Yankho limabwera pang'onopang'ono, mizere ingapo pa uthenga umodzi, choncho kufunsa ma router onse nthawi imodzi kumadzaza netiweki ndipo masensa amayamba kutaya mauthenga awo enieni. Funsani router imodzi, dikirani masekondi angapo, funsani ina. Kamodzi kapena kawiri pa tsiku n'kokwanira. Masensa a batire musawafunse: amagona, sanyamulira anzawo mauthenga, ndipo aliyense amakhala ndi kholo limodzi lomwe limamutchula kale mu ndandanda yake. Dzina la node likhale adiresi ya IEEE ya ma bit 64. Adiresi yaifupi ya ma bit 16 itha kusintha chipangizo chikalowanso pa netiweki, ndiye sensa imodzi imaoneka ngati ma node awiri kapena atatu.

Pa funso la chipangizo chogwetsa anzake, yambani ndi ma articulation point, osati betweenness. Articulation point ndi node yomwe mukaichotsa graph imaduka pawiri, ndipo kuwapeza onse kumangofuna kuyenda mu graph kamodzi. Pa iliyonse werengani masensa omwe angatsale opanda njira yofikira coordinator (chipangizo chotsogolera netiweki ya Zigbee), sanjani kuyambira wamkulu. Ndandanda imeneyo ndi yomwe mumapatsa amisiri kuti akaike router yachiwiri. Musanawerenge chotsani ma edge ofooka kwambiri, chifukwa edge ya LQI yotsika imanamiza kuti pali njira yachiwiri pomwe uthenga sungadutsepo. Malire ake muwapeze pa mtundu uliwonse wa chip, poti makampani sawerengera LQI mofanana.

Yachiwiri ndi ya LoRaWAN, ndipo ndikukhulupirira kuti gulu lanu lalikululo labadwira pano. Pa LoRaWAN masensa salankhulana okhaokha, sensa imaulutsa ndipo gateway iliyonse yomwe yamva imapereka uthengawo ku network server. Graph yake ili ndi mbali ziwiri, masensa uku, ma gateway uko. Mukanena kuti masensa omveka pa gateway imodzi ndi abwenzi, gateway yomva masensa 1,500 imabala ma edge 1,124,250 yokha, ndipo ma gateway angapo a pamwamba pa nyumba zazitali amamanga zonse kukhala chimtolo chimodzi. Isiyeni graph ikhale ya mbali ziwiri. Chofunika ndi kuwerenga kuti sensa iliyonse imamveka pa ma gateway angati, ndipo ndi SNR (mphamvu ya uthenga poyerekeza ndi phokoso) yotani. Pa SF7 (katumizidwe kachangu) wailesi imasiya kumva SNR ikatsika kupyola pafupifupi -7.5 dB, pa SF12 (katumizidwe kochedwa) pafupifupi -20 dB. Gateway yomwe ikumva sensa m'mphepete mwa malire amenewo musaiwerenge ngati yodalirika. Dziwaninso kuti network server imaphatikiza makope a uthenga umodzi n'kutumiza umodzi wokha, choncho mayina a ma gateway onse mumawapeza mu rxInfo pa ChirpStack kapena rx_metadata pa The Things Stack. Ambiri amataya gawo limenelo pofuna kuchepetsa deta. Node ikhale DevEUI, dzina lokhazikika la sensa, chifukwa adiresi ya DevAddr imaperekedwa mwatsopano sensa ikapanga join (kulowa pa netiweki).

Ngati mukufunabe ubale wa sensa ndi sensa kuchokera pamenepa, gwiritsani ntchito Jaccard (muyeso wa kufanana kwa ndandanda ziwiri) pa ma gateway omwe awiriwo amamveka, kapena chepetsani kulemera kwa edge pogawa ndi chiwerengero cha masensa a pa gateway imeneyo kuchotsapo 1.

Yachitatu ndi graph ya kufanana kwa zoyezedwa, yomwe ikuyankha funso la oyendera limodzi. Apa pali misampha iwiri. Masensa 20,000 mukawayerekeza aliyense ndi mnzake, mapeya ndi 199,990,000, ndipo ambiri alibe tanthauzo. Yerekezani okhawo oyeza chinthu chimodzi, a m'nyumba imodzi kapena oyandikana. Geohash kapena H3 zimathandiza kusankha oyandikanawo. Msampha wachiwiri ndi dzuwa. Kutentha kumakwera masana n'kutsika usiku paliponse, magetsi nawonso amatsatira maola a ntchito, ndiye correlation (muyeso wa kukwera ndi kutsika limodzi) ya masensa awiri osadziwana n'komwe imatuluka yokwera. Chitani chonchi: sonkhanitsani zoyezedwa pa mphindi 15 zilizonse, zomwe ndi manambala 96 pa tsiku ndi 1,344 pa masiku 14. Pa sensa iliyonse pezani avareji ya ola lililonse la tsiku, masiku a ntchito padera ndi a mapeto a sabata padera, muichotse. Zotsalazo ndi zomwe mumayerekeza, ndi correlation ya Spearman ngati deta ili ndi manambala odumpha. Pomanga graph musaike malire amodzi a onse. Sensa iliyonse isunge anzake 5 mpaka 10 ofanana nayo kwambiri, ndipo edge ikhalepo pokhapokha onse awiri asankhana.

Pomwe deta yasowa pasiyeni popanda kanthu. Mukadzazapo ziro kapena nambala yomaliza, masensa onse omwe gateway yawo inazima nthawi imodzi adzaoneka ngati mapasa.

Nyenyezi_ya_deta

Ndikugwirizana ndi a Mlonda pa za ma graph osiyana. Ine ndikhudze njira yomwe deta imadutsa isanafike ku graph, poti zolakwika zambiri zimalowera kumeneko.

Tiwerengere kaye. Masensa 14,000 pa mphindi iliyonse ndi mauthenga 20,160,000 pa tsiku, a LoRaWAN akuwonjezera 576,000. Onse pamodzi ndi pafupifupi 20.7 miliyoni, kapena mauthenga 240 pa sekondi. Uthenga ukakhala wa ma byte 200, ndi ma GB 4 ndi pang'ono pa tsiku. Ku broker ndi ku malo osungira mafayilo zimenezi n'zochepa. Ku graph database, ma edge atsopano 20 miliyoni tsiku lililonse ndi katundu wosayenera. Zoyezedwa zipite ku mafayilo a Parquet pa S3 kapena zofanana nayo, ogawidwa ndi tsiku ndi nyumba, kapena ku database ya time series. Ku graph kupite mzere umodzi pa peya iliyonse: node A, node B, mtundu wa ubale, kulemera, nthawi yomwe unaoneka komaliza. Node iliyonse itakhala ndi anzake 8, graph yonse ili ndi ma edge 80,000 okha, imakwana mu RAM ya laputopu.

Pa MQTT samalani ndi QoS 1 (QoS ndi mlingo wa chitsimikizo choti uthenga ufika). Imalonjeza kuti uthenga ufika kamodzi kapena kuposa, ndiye PUBACK (yankho la broker loti yalandira) ikasochera gateway imatumizanso. Ngati kulemera kwa edge kukuchokera pa kuwerenga mauthenga, ma gateway a intaneti yovuta ndi amene adzaoneke ochezeka kwambiri. QoS 2 si yankho paliponse, AWS IoT Core mwachitsanzo imalandira 0 ndi 1 basi. Uthenga uliwonse ukhale ndi nambala yotsatana yochokera ku chipangizo, ndipo muchotse obwereza poyang'ana dzina la chipangizo ndi nambalayo. Pa LoRaWAN nambala yotereyi, FCnt, ilipo kale, kungoti imayambiranso pa ziro pakachitika join yatsopano, choncho iphatikizeni ndi chizindikiro cha session.

Nthawi nayo imavuta. Sungani ziwiri, yomwe chinthu chinayezedwa ndi yomwe uthenga unafika pa cloud. Gateway ikakhala maola atatu yopanda intaneti n'kukhuthula zonse nthawi imodzi, mukagwiritsa ntchito nthawi yofikira, masensa ake onse amaoneka kuti anachita zinthu pa sekondi imodzi. Ndipo gateway yopanda batire ya wotchi ikayaka isanapeze NTP (nthawi yochokera pa intaneti), itha kulemba kuti tili mu 1970. Mauthenga otere aikeni pambali, musawataye, muwakonze nthawi ikadziwika. Mukaika Kafka (pulogalamu yondandalika mauthenga) pakati, key ikhale dzina la chipangizo, chifukwa Kafka imasunga ndondomeko mkati mwa partition imodzi yokha.

Ma edge azikalamba. Njira yosavuta ndi kuchepetsa kulemera ndi theka pakatha nthawi yomwe mwasankha, tinene masiku 7, n'kuwonjezera zatsopano pamwamba. Edge ikatsika kupyola malire, ichotseni. Popanda zimenezi router yomwe inasamutsidwa mwezi watha imakhalabe ndi anzake akale, ndipo graph imaonetsa njira zomwe kulibe.

Za betweenness yosamalizayo. Njira ya Brandes ya 2001, yomwe mapulogalamu ambiri amagwiritsa ntchito, imadya nthawi yolingana ndi ma node kuchulukitsa ndi ma edge. Pa 20,000 ndi 80,000 ndi masitepe pafupifupi 1.6 biliyoni. NetworkX inalembedwa mu Python yokhayokha, choncho imachedwa pa ntchito yotere, pomwe igraph mkati mwake ndi C. Koma inu simufunika n'komwe kuwerenga zonse pamodzi. Netiweki iliyonse ya Zigbee ili ndi coordinator yake, ndipo uthenga sudumpha kuchoka pa netiweki ina kupita pa ina. Gawani graph mu zidutswa zake, chilichonse chiwerengedwe pachokha, ntchito ya masekondi. Mukaika broker kapena cloud ngati node yolumikiza zonse, ndiye kuti mwamanga zidutswazo pamodzi, ndipo yankho lidzangokuuzani kuti broker ndi yofunika kwambiri, zomwe mukudziwa kale. Graph ikakuladi, betweenness_centrality ya NetworkX ili ndi k yoti muyambire pa ma node ochepa osankhidwa mwachisawawa.

Chinthu china chomwe chimapusitsa ngakhale odziwa: pa betweenness kulemera kwa edge kumatengedwa ngati mtunda, nambala yaikulu ndi njira yaitali. Pa Louvain kulemera ndi mphamvu ya ubale, nambala yaikulu ndi ubale wolimba. Mukapereka LQI momwe ilili ku betweenness, pulogalamu idzasankha njira zofooka ngati zachidule, ndipo siidzadandaula chilichonse. Isandutseni kaye kukhala mtengo wa njira. Zigbee yeniyeniyo imagwiritsa ntchito mtengo wa 1 mpaka 7 pa edge iliyonse. Komanso masensa anu ambiri amalankhula ndi coordinator yokha, ndiye kuwerenga njira zopita kwa coordinator kumanena zoona kuposa njira za pakati pa node iliyonse ndi inzake.

Kadzidzi42

Zikomo kwambiri nonse awiri, za ma gateway zija zandimasula. Ndifunsenso ziwiri. Louvain tikaiyendetsa kawiri pa deta imodzimodzi, magulu akumasiyana, ndiye tidziwa bwanji kuti sensa yasamukadi gulu? Nanga za khalidwe lachilendo, graph yomweyi ingagwire gateway yomwe yalowedwa ndi akuba a pa intaneti?

Fulu_wa_pa_Linux

Kusiyanako n'kwachibadwa, a Kadzidzi. Louvain, yomwe inatuluka mu 2008, imayendera ma node mu ndondomeko yachisawawa, ndipo node ya m'malire itha kugwera uku lero, uko mawa. Ilinso ndi chilema chodziwika: nthawi zina imatulutsa gulu lomwe mkati mwake ndi loduka, zidutswa ziwiri zosakhudzana zili ndi nambala imodzi. Leiden ya 2019, ya Traag, Waltman ndi van Eck, inakonza zimenezo, ndipo ilipo mu igraph, mu leidenalg ndi mu Neo4j GDS. Sinthirani kumeneko.

Kuika seed (nambala yoyambira ya zachisawawazo) kumathandiza kuti deta imodzi ipereke yankho limodzi, koma sikuthetsa nkhani, chifukwa deta ya mawa ndi ina. Yendetsani Leiden ka 20 kapena ka 50 ndi ma seed osiyana, muwerenge kuti masensa awiri olumikizana agwera gulu limodzi kangati. Ogwera limodzi pafupifupi nthawi zonse ndiwo mtima wa gulu. Oyendayenda alembeni kuti ndi a m'malire, ndipo asamalize alamu. Nambala ya gulu payokha ilibe tanthauzo, gulu 7 la lero litha kukhala 31 mawa. Yerekezani magulu a lero ndi a dzulo pogwiritsa ntchito Jaccard ya mamembala, lofanana kwambiri litenge dzina lakale. Muthanso kuyambitsa Leiden ya lero kuchokera pa magulu a dzulo. Sensa muinene kuti yasamuka ikakhala kunja kwa gulu lake masiku atatu otsatizana, osati tsiku limodzi. Magulu akamatuluka akuluakulu kwambiri, kwezani resolution (nambala yolamulira kukula kwa magulu) pang'onopang'ono, poti modularity (muyeso wa ubwino wa magulu) imakonda kumeza timagulu tating'ono graph ikakhala yaikulu. Poyesa ngati zikumveka, onani ngati magulu a kutentha akutsatira zipinda zomwe zimapatsidwa mpweya ndi makina amodzi.

Sensa yowonongeka imaonekera pa kutaya anzake: dzulo inali ndi ma edge 6, lero yatsala ndi imodzi, pomwe anzakewo akugwirizanabe okhaokha. Gulu lonse likasintha pamodzi, kawirikawiri masensa ali bwino, chasintha ndi chipindacho. Koma correlation ili ndi khungu pa chinthu chimodzi. Sensa yomwe ikuwonjezera madigiri 2 pa chilichonse imakwera ndi kutsika limodzi ndi anzake, correlation yake imakhalabe yokwera. Choncho graph ikupatseni anzake, kenako tsatirani kusiyana kwa nambala yake ndi median ya anzakewo sabata ndi sabata. Sensa yomwe yaima pa nambala imodzi siipereka correlation n'komwe, imatulutsa NaN (kutanthauza kuti palibe nambala), ndipo mapulogalamu ambiri amangoidumpha mwakachetechete. Igwireni ndi lamulo lapadera musanafike ku graph.

Za akuba, imeneyo ndi graph yachinayi, ya ma adiresi a IP, ndipo ma node ake ndi ma gateway, poti masensa a Zigbee ndi LoRaWAN alibe IP. Gateway yabwino imalankhula ndi malo ochepa odziwika: broker pa 8883, DNS, NTP, ndi seva ya firmware. Mirai, pulogalamu yoipa ya mu 2016, inkafalikira poyesa ma adiresi ambirimbiri pa Telnet, pa 23 ndi 2323, ndi mapasiwedi obwera ndi chipangizo. Pa graph zimenezi zimaoneka ngati node yomwe ma edge ake otuluka achoka pa 4 kufika pa masauzande mu ola limodzi. Simufunika PageRank kuti muone zotere, kuwerenga ma adiresi osiyana pa ola n'kokwanira. HyperLogLog ya mu Redis imachita zimenezo ndi ma KB 12 pa gateway, kuphonya kwake ndi pafupifupi 0.81 peresenti.

Chenjezo ndi lakuti ma flow log a pa cloud amaona zokhazo zofika pa cloud yanu. Gateway ikamasaka zipangizo za anthu ena, zimenezo sizidutsa kwa inu. Mufunika NetFlow kapena IPFIX yochokera pa router ya pamalopo. Ku mbali ya broker yang'anani client ID imodzi yolowa kuchokera ku ma IP awiri mosinthana, ndi chipangizo cholembetsa ku topic ya # (yolandirira mauthenga onse) pomwe ntchito yake ndi kutumiza basi. Zotere ndi bwino kuzitsekeratu ndi ACL (ndandanda ya zilolezo) kusiyana ndi kudikira kuti graph izione.

Mamita a magetsiwo asamaleni. Graph ya kufanana kwawo imaulula maofesi kapena mabanja omwe amadzuka, kuchoka ndi kubwera nthawi imodzi. Musanapereke deta kwa ofufuza, bisani mayina a zipangizo ndi HMAC ya kiyi wachinsinsi. Hash wamba sikwanira, chifukwa gawo loyamba la adiresi limangonena kampani yopanga, ndipo zotsalazo munthu atha kuziyesa zonse mpaka atapeza.

MlondaWaSeva

Pa za Kafka ndisiyana pang'ono ndi a Nyenyezi. Pa mauthenga 240 pa sekondi, lamulo la pa broker lolemba molunjika ku mafayilo likwanira, bola mafayilowo aziphatikizidwa pa ola, chifukwa timafayilo ting'onoting'ono mamiliyoni timachedwetsa kuwerenga ndipo timakweza bilu. Kafka ndi Flink zibwere pamene pali mapulogalamu angapo ofuna deta yomweyo nthawi yomweyo. Ma graph atatu oyambawo safuna changu: ya Zigbee, ya LoRaWAN ndi ya kufanana ziwerengedwe usiku uliwonse pa makina amodzi obwereka kwa ola limodzi, a RAM ya ma GB 16, m'dera lomwelo la cloud momwe muli mafayilo kuti musalipire zotulutsa deta. Yofuna changu ndi ya IP yokha, pa mphindi 5 zilizonse.

Ndipo sungani graph ya tsiku lililonse ngati fayilo yakeyake, pamodzi ndi malire, resolution ndi ma seed omwe munagwiritsa ntchito. Mukadzasintha chiwerengero cha anzake a sensa iliyonse kuchoka pa 5 kupita pa 8, mudzafuna kuwerenganso masiku 30 apitawo ndi chiwerengero chatsopanocho musanayatse ma alamu, apo ayi masensa mazanamazana adzaoneka ngati asamuka gulu usiku umodzi.